Ula wa Pensulo: Mmene Ndinkalosera Mavoti a Aphungu

Tadala ndi Chikondi, ana anga, pali mafunso awiri amene mwandifunsa kwa zaka zambiri ine n'kumawazemba. Loyamba ndi la ndowa zitatu zamadzi zimene mayi anu ankaika kuseri kwa chitseko chaka china tikukhala ku Mitundu. Lachiwiri ndi la a Zuze, bambo otsimphina aja amene ndinkawanyamula panjinga Lamlungu lililonse kupita nawo ku tchalitchi pomwe sanali abale athu. Za ndowa ndinkati mpope ukuvutavuta, za a Zuze ndinkati ndi Chikhristu basi. Mayankho onse awiri anali abodza. Tsopano ndapuma ntchito ndipo maso ayamba kufooka, ndiye ndati ndilembe dzanja lisanayambe kunjenjemera. Mayina a anthu andale ndawasintha ndipo chipani sindichitchula, chifukwa ena mwa anthuwo akali moyo, ndipo ine ndikuwaopabe.

Mitundu, chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa bungwe lina lothandiza makalabu a alimi. Ndikati ofesi ndikungoilemekeza. Chinali chipinda chimodzi kuseri kwa golosale, ndipo denga linkadontha pakona pomwe panali mafayilo. Mapepala ankatha mwezi usanafike pakati, moti ndinkapempha makalendala akale m'masitolo n'kumalemba kuseri kwake. Riboni ya makina otaipira ikauma ndinkaidonthezera palafini kuti itulutse inki yotsala, ndipo makalata athu ankadziwika ndi fungo asanatsegulidwe n'komwe. Ntchito yanga yeniyeni inali kukhala pakona pa misonkhano ya komiti, kulemba zokambirana ndi kuwerenga manja anthu akamavota.

Ukawerenga manja a anthu omwewo kwa zaka zinayi, umayamba kudziwa dzanja limene likwere lisananyamuke. Ndinazindikira kuti ngakhale nkhani zinkasinthasintha, anthu ankagawikana pa mafunso awiri okha. Loyamba ndinkalitcha la m'thumba: kodi munthuyu amakhulupirira kuti aliyense adzionere yekha pamsika, kapena amafuna kuti boma ndi gulu zimugwire padzanja wosauka? Lachiwiri ndinkalitcha la pamwambo: kodi amagwiritsitsa za makolo ndi za mpingo, kapena ndi uja amati nthawi inasintha? Ndinajambula mtanda kuseri kwa kalendala, mzere wina wa m'thumba, wina wa pamwambo, papepala n'kutuluka ndime zinayi ngati munda wogawira ana. Aliyense wa m'komiti ndinamubzala m'ndime yake ndi kadontho ka pensulo. Nkhani ikakhala ya mtengo wa feteleza ndinkayang'ana mzere wa m'thumba, ikakhala yoti amayi alowe m'komiti kapena ayi ndinkayang'ana wa pamwambo. Mayi anu atalipeza pepalalo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Anzanu amaombeza ula ndi nsupa, inu ndi pensulo," anatero. "Mudzatiuzekonso tsiku logwa mvula."

Zipani zambiri zitabwera, andale anayamba kufika pa misonkhano yathu kudzafuna alimi. Tsiku lina pafupi nane panakhala bambo wina wamfupi, wolankhula motsitsa mawu, wosavula chipewa ngakhale pa pemphero. N'chifukwa chake ndiwatcha a Chipewa. Anali mkulu ku likulu la chipani chimene panthawiyo chinali m'boma. Komiti inkakangana ngati chimanga cha gulu chigulitsidwe kwa mavenda kapena chisungidwe kudikira miyezi ya njala. Ine mwachibwana ndinawanong'oneza kuti, "Asanu ndi awiri avomera kugulitsa, anayi akana, a tcheya ayang'ana pansi." Manja atakwera zinali ndendende, ndipo a tcheya ankayang'anadi nsapato zawo. A Chipewa anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, mukuoleranji kuseri kwa golosale? Lolemba mubwere ku Lilongwe."

Lilongwe, chaka chimene Tadala anabadwa

Anandiika mu ofesi ya kafukufuku ya chipani. Dzina linali lalikulu koma ofesiyo ndinali ine, tebulo ndi wailesi yofuna kuimenya kuti ilankhule. Galimoto inalipo, mafuta ndiye ayi, choncho ndinapitiriza kukhala ku Mitundu n'kumakwera minibasi m'mawa uliwonse. Ntchito inali yomwe ija, koma tsopano madontho anga anali aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Bilu ikamabwera, a Chipewa ankafuna kudziwiratu kuti mwa aphungu a chipani chathu ndani angagwedezeke n'kuvota motsutsa.

Kuti ndidziwe ndime ya phungu ndinkawerenga zokamba zake za m'Nyumba, ndinkamvera misonkhano yake pawailesi, koma chida changa chachikulu chinali maliro. Pamsonkhano wandale phungu amanena zimene chipani chamutuma. M'Nyumba amalankhula kuti a kwawo amumve pawailesi. Koma pa maliro a kumudzi kwawo, pamaso pa anthu amene anamuona akuthamanga wopanda kabudula, ndinkakhulupirira kuti munthu amanena za mumtima. Ndinayenda maliro ambiri kuposa adzukulu okumba manda. Jekete langa lakuda linachita kuyera m'mapewa ndi dzuwa, ndipo makondakitala a ku Mitundu ankati akandiona amafunsa kuti, "Lero tatayanso ndani, bambo?"

Ndisakunamizeni, ntchitoyi ndinkaikonda. Kawirikawiri ulosi wanga unkagwa pomwepo, ndipo ku likulu anasiya kunditchula a Phiri, onse ankangoti Mlosi. Ndikapereka mndandanda wa ogwedezeka, a Chipewa ankati, "Awa tikawayendera." Ine ndinkaganiza kuti kuyenderako ndi kumwa nawo tiyi n'kuwalonjeza mjigo kapena mlatho m'dera lawo, ndipo poyamba zinalidi choncho. Sindinafunse zambiri, chifukwa munthu akamakuyamikira sufuna kudziwa zimene amachita ukatuluka.

Chaka chimene Chikondi anabadwa

Kunabwera bilu yokhudza malo a makolo. Inkafuna kuti minda izilembedwa m'kaundula m'dzina la munthu, kuti mwini wake azitha kuigulitsa kapena kuiika chikole. Bilu imeneyi inali yovuta kulosera chifukwa inkakhudza mizere yanga yonse iwiri. Okonda msika ankaifuna, koma ogwiritsitsa mwambo ankati kwathu kuno munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, sungakhale wa dzina limodzi.

Amene ankandizunguza mutu anali a Gwedeza, phungu wa chipani chathu wa dera lina kufupi ndi Nathenje, mlimi wamkulu wa fodya. Pa mzere wa m'thumba ndinkawadziwa bwino, anali munthu wa msika. Koma pa mzere wa pamwambo kadontho kawo ndinkakafufuta n'kukalembanso, chifukwa za mwambo sankazilankhula. Ndiye kunachitika kuti amalume awo anamwalira, m'mudzi woyandikana ndi kwawo kwa mayi anu. Tinapitira limodzi. Mayi anu analowera kwa amayi anzawo kuseri kwa siwa, ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi abambo, pensulo m'thumba. Itafika nthawi ya mawu a banja, a Gwedeza anaimirira, nagwira chipewa chawo pamimba, nati: "Malemuwa asiya minda. Minda imeneyi ndi ya mbumba, si ya munthu. Aliyense wofuna kuilemba papepala ayambe wadutsa pamanda pano n'kufunsa amene agonawa." Amayi anang'ung'udza movomereza. Ine mtima unagunda ndi chimwemwe pamaliro, Mulungu andikhululukire, chifukwa ndinati ndawagwira.

Lolemba ndinapereka mndandanda, dzina la a Gwedeza lili pamwamba. "Awa tikawayendera," anatero a Chipewa. Lachinayi m'minibasi ndinamva amayi awiri akukambirana kuti chigafa cha a Gwedeza chapsa ndi fodya yense wa chaka chimenecho, ndipo anthu anamva fungo la petulo. Mlonda wawo anayesa kukoka fodya kuti apulumutseko, mtengo woyaka wa denga n'kumugwera pamiyendo. Mlondayo anali a Zuze. Ndinatsika minibasi tisanafike m'tauni n'kuyenda wapansi mpaka ku ofesi. Tsiku la voti a Gwedeza anavomera biluyo, ndipo a Chipewa anandisisita paphewa. "Mwaona, Mlosi? Inu mumapeza matenda, ife timapereka mankhwala."

Ndinasunga nkhaniyi masabata awiri, kenako ndinawaululira mayi anu Loweruka lina akupeta mpunga pakhonde. Anaika lichero pansi.

"Bambo a Tadala, pa maliro paja a Gwedeza anaimirira ngati ndani?"

"Ngati phungu," ndinatero.

"Phungu wa chiyani? Anaimirira ngati mwana wa mlongo wawo wa malemu, mwinimbumba watsopano. M'mawa uja alongo awo ndi amayi awo aang'ono anawakhazika kuseri kwa siwa n'kuwapatsa mawu oti akanene. Ine ndinali pomwepo ndikutsuka mbale. Anakana kawiri konse. Ankati iwo akufuna minda ilembedwe kuti ana a mbumbayo azitha kutukuka nayo. Amayi aja anati zimenezo mukanene ku Lilongwe, pano munena zathu. Woyankhulira banja sanena zake, amanena zimene wapatsidwa. Inu simukudziwa zimenezi? Munabadwira kuti?"

Ndinkadziwa. Mwana aliyense wa kuno amadziwa. Ine ndemwe ndinali nditayankhulirapo banja lathu pa maliro a azakhali anga, n'kutamanda munthu amene ndinkakangana naye moyo wake wonse. Koma tsiku lija ndinapita kumaliro ndi njala ya kadontho, ndiye ndinamva zimene ndinkafuna kumva. A Gwedeza anali oti avomera biluyo ngakhale popanda moto. Chigafa chinapsa chabe, ndipo miyendo ya a Zuze inapsa chifukwa cha pensulo yanga. Ndinapita ku chipatala ku Nkhoma ndi paketi ya shuga, ndinawaona atagona, miyendo itaphimbidwa ndi nsalu yoimikidwa pa waya kuti isakhudze zilonda. Anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndatumidwa ndi mpingo.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinasiye ntchito. Ndinkaopa. Munthu wodziwa amene anatuma petulo sangangoti ndatopa, tsalani bwino. Ndinapitiriza, koma ndinayamba kupereka mindandanda yofewa, ya anthu amene aliyense ankadziwa kale kuti ndi ovuta ndiponso akuluakulu moti sangawakhudze.

Chaka chimene Tadala anali mu Sitandade 3

A Gwedeza anagwa pa chisankho chotsatira, ndipo mpando wawo unatengedwa ndi Mayi Nachisale, a chipani chathu chomwecho. Anali mphunzitsi wopuma, wamasiye, wokhala ndi amayi awo okalamba osaona ndi ana anayi a malemu mchemwali wawo. Nyumba yawo inali yamalata koma khitchini, nkhokwe ndi kanyumba kogona agogowo zinali zaudzu. Ndinazidziwa zonsezi chifukwa kudziwa inali ntchito yanga. Papepala langa kadontho kawo kanali kumapeto kwenikweni kwa mzere wa m'thumba, mbali ya amene amati boma ligwire wosauka padzanja. Sindinawatengere pa maliro ayi. Ndinawerenga zonse zimene analankhula m'Nyumba, ndinamva zimene ankakamba m'makomiti, ndinafunsa amene anaphunzitsa nawo sukulu. Chilichonse chinkaloza kumodzi.

Chaka chimenecho boma linabweretsa ndondomeko yochepetsa anthu olandira makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mavoti anali pafupi kwambiri, moti munthu mmodzi kapena awiri akanatha kugwetsa zonse. A Chipewa anati Lachisanu akufuna mayina. Ndinakhala ndi pepala langa masiku atatu ndikufuna njira yoti kadontho kaja kasunthe, koma sikanasunthe. Mayi Nachisale anali oti akana, ndipo ulendo uno sindinkakayika ngakhale pang'ono. Ndikalemba dzina lawo, ndinkaona kanyumba kaudzu kaja ndi agogo osaona m'katimo. Ndikapanda kulemba, iwo n'kukana pamaso pa dziko lonse, a Chipewa adzafuna kudziwa kuti Mlosi wagulidwa ndi ndani.

Lachisanu ndinapereka mndandanda wopanda dzina lawo. A Chipewa anauwerenga kawiri, chala chikuyenda pamzere uliwonse.

"Nanga amayi aja a ku Nathenje?"

"Amenewo ndi athu, bwana. Amalankhula kwambiri koma amaopa chipani."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Anapinda pepalalo mosamala n'kuliika m'thumba la malaya. "Chabwino, inu ndinu Mlosi. Paja mukukhalabe kuseri kwa msika kuja, nyumba ya chitseko chobiriwira? Ana akukula bwino?" Ndinati akukula bwino, bwana. Chitseko chija ndinali nditachipaka utoto mwezi womwewo, ndipo a Chipewa anali asanafikepo kwathu. Ndinatuluka n'kulunjika kunyumba. Nditawafotokozera mayi anu sanandikalipire. Anangotenga ndowa zitatu n'kupita kumpope, ndipo kuyambira tsiku limenelo mphasa yanu inasamukira pafupi ndi zenera lotseguka mosavuta.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku Nathenje. Ndinawapeza Mayi Nachisale akutonola chimanga pabwalo, atavala chitenje ndi mpango ngati mayi wina aliyense. Ankandidziwa monga munthu wa ku likulu, ndiye anandipatsa mpando koma nkhope sanaimasule. Ndinawauza zonse, za mndandanda, za chigafa cha a Gwedeza, za chitseko chobiriwira. Anapitiriza kutonola mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mwalemba kuti ndivota bwanji?" anafunsa.

"Ndanena kuti muvomera, mayi."

"Koma pepala lanulo likuti chiyani?"

"Likuti mukana."

"Pepala lanu ndi lanzeru kuposa inu," anatero, akumwetulira pang'ono. "Ndiye mwabwera kuti bodza lanu ndikalisandutse zoona."

Ndinati sindikuwapempha kuti avomere. Ndinagwada, ana anga, ine bambo wanu, pafumbi pamaso pa nkhuku, n'kunena kuti, "Mungodwala, mayi. Tsiku limenelo mutu ukupwetekeni, musapite. Mukapanda kupezeka palibe amene adzadziwe kuti ndinanama. Ndili ndi ana awiri aang'ono." Anandiuza kuti ndidzuke anthu angaone. Kenako analoza ndi chitsononkho kumunsi kwa mudzi n'kunena kuti, "Mukuona nyumba zitatu zija? Muli amayi atatu amene ndinawaphunzitsa kuwerenga. Makuponi akachepa, oyamba kufufutidwa ndi iwowo, chifukwa alibe mwamuna wokawalankhulira pa kalembera. Nanunso ana anu ndawamva. Pitani bwino, a Phiri, ndamva."

M'minibasi pobwerera ndinkadzitonthoza kuti "ndamva" ndiye kuti avomera kudwala. Koma nditafika kunyumba n'kutambasula kalendala yanga, kadontho kaja kanali pomwe paja. Zaka zonsezi ndinkapemphera kuti pepala langa lilondole. Sabata imeneyo ndinapemphera kuti liname.

Tsiku la voti ndinakhala m'mwamba, pa malo a alendo. Mpando wa Mayi Nachisale unali wopanda munthu, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Mkangano unatenga m'mawa wonse. Belu loitana aphungu kuti adzavote litalira, chitseko cha m'mbali chinatseguka, iwo n'kulowa pang'onopang'ono ndi kachikwama kawo kakuda, n'kukhala. Kalaliki anayamba kuitana mayina mmodzimmodzi. Atafika pa dzina lawo, Mayi Nachisale anaimirira, ndipo sanakuwe ayi, anangoti akukana, ngati mphunzitsi woyankha mwana amene wapempha kutuluka nthawi isanakwane. Aphungu ena awiri a chipani chathu, amene ankadikira kuona woyamba, anawatsatira, ndipo ndondomekoyo inabwezedwa. Pansi paja, kuseri kwa mipando ya nduna, a Chipewa anatembenuka n'kukweza maso kufunafuna pa malo a alendo mpaka anandipeza.

Anandiitana m'mawa wotsatira. Mu ofesi mwawo munali amuna awiri amene sindinkawadziwa, atatsamira khoma, osapatsidwa mipando. Mmodzi ankasewera ndi makiyi a galimoto.

"Mlosi, anakupatsani chiyani amayi aja?"

"Palibe, bwana. Ndinalakwitsa."

"Inu simulakwitsa. Zaka zonsezi simunalakwitsepo. Ndiye tiuzeni bwinobwino, tisavutane."

Ndinaona kuti chimene chikundipha ndi mbiri yanga yomwe, ndipo ndinali ndi chinthu chimodzi chokha choiphera. Ndinati, "Ndinalakwitsapo, bwana, kungoti simunadziwe. A Gwedeza sanali otsutsa. Mawu amene ndinawatengera anali a banja, anawapatsa alongo awo pa maliro. Akanavomera bilu ija ngakhale mukanapanda kuwayendera. Funsani aliyense wa m'mudzi muja." Wa makiyi uja anasiya kuwaseweretsa. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona a Chipewa akuvula chipewa n'kukanda pamutu. Nawonso ndi Mchewa, mwambo umenewu ankaudziwa, moti sanafunike kufunsa munthu.

"Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikudalira munthu wosasiyanitsa mawu a phungu ndi mawu a mbumba?"

"Ndi choncho, bwana."

"Ndimayesa ndinu kazitape, kani ndinu chitsiru chabe," anatero, ndipo mawu achipongwe amenewo ndinawalandira ngati madzi ozizira. "Siyani makiyi a ofesi patebulo. Zimene mukudziwa muzikumbukira kuti nafenso tikudziwa chitseko chanu."

Mayi Nachisale sanawayendere. Voti ikatha, moto sugwiranso ntchito, ndipo dzina lawo linali litamveka pa wailesi iliyonse, moti kuwakhudza kukanaloza mwini wake. Chipani chinangowamana mpando pa chisankho chotsatira. Ife sitinadikire kuti tione ngati a Chipewa asintha maganizo. Pasanathe masabata awiri tinakweza katundu pa lole ya fodya, inu n'kusiya sukulu pakati pa teremu, n'kubwera kuno kwawo kwa mayi anu. Ndowa zija zinakhalabe kuseri kwa chitseko chaka china chathunthu.

Nathenje, mpaka chaka chatha

Ndinapeza ukalaliki pa sukulu ina ya mpingo ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma. Kalendala ija ndinaitentha. Koma diso silipuma ntchito. Mpaka lero ndikamamvera aphungu pawailesi ndimadziwa amene akane asanatsegule pakamwa, ndipo ndimangotseka pakamwa panga.

A Zuze ndinawapeza Lamlungu loyamba titasamuka, akudzikoka ndi ndodo pamsewu wa ku tchalitchi, mwendo wina utakhwinyata. Ndinaima n'kuwauza kuti akwere. Anandizindikira. "Si inu a shuga aja a ku Nkhoma?" Kuyambira pamenepo ndinawanyamula zaka zonse zimene mukuzidziwa. Kambirimbiri tili panjinga, ine kutsogolo iwo kumbuyo, osaonana nkhope, ndinkatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Nthawi zonse ndinkayamba za mvula kapena za mtengo wa fodya. Sindinkaopanso a Chipewa pamenepo. Ndinkaopa kuti bamboyo anena kuti imani nditsike.

Chaka chatha a Zuze anamwalira. Inu munali ku ntchito zanu m'tauni. M'banja mwawo munalibe mwamuna wamkulu wotsala, ndiye m'mawa wa tsiku loika maliro alongo awo awiri anandiitanira kuseri kwa siwa. Anati ine ndinali ngati mchimwene wawo wa malemu, choncho ndiyankhulire banja. Ndinakana kawiri. Anati palibenso wina, ndipo anandipatsa mawu oti ndikanene. Mayi anu anali pomwepo akutsuka mbale, ndipo sanadzutse mutu.

Ndinaimirira pamaso pa anthu, chipewa pamimba. Ndinanena kuti malemu anali munthu wamtendere. Ndinanena kuti amene anachititsa moto umene unawalemaza banja silikuwadziwa, ndipo lawasiya m'manja mwa Mulungu. Kenako ndinanena mawu omaliza amene anandipatsa, oti banja likuthokoza a Phiri, amene anasamala m'bale wathu zaka zonsezi popanda chifukwa china koma mtima wabwino. Ndinatchula dzina langa ndi pakamwa panga, anthu n'kung'ung'udza movomereza. Pakanakhala wina pansi pa mtengo ndi pensulo m'thumba, akanandibzala m'ndime ya anthu olungama.

Amene aja anali mawu a banja. Anga ndi awa ndalemba apawa. Alongo awo a a Zuze akali moyo, amakhala kuseri kwa chigayo, ndipo mmodzi amatha kuwerenga. Mukabwera pa Khirisimasi mudzandiperekeze, chifukwa ndekha ndafikapo pachipata chawo katatu n'kubwerera.